Tsamba la bizinesi ya pakhomo: yambani ndi pepala ndi pensulo

Ntchito yanga ndi yopanga masamba a pa intaneti, ndipo abale ndi anansi amakonda kundifunsa kuti, "Tigule pulogalamu iti kuti bizinesi yathu izioneka pa intaneti?" Ndimawayankha kuti asagule kanthu kaye. Kaya mumaphika makeke, mumasoka zovala kapena mumaweta nkhuku zogulitsa, zida zoyambira zili kale m'nyumba mwanu, m'chikwama cha mwana wasukulu.

Jambulani pa pepala

Dulani mapepala atatu, lililonse kukula ngati foni yanu, chifukwa makasitomala ambiri adzaona tsambalo pa foni. Pa loyamba lembani dzina la bizinesi, zimene mumagulitsa ndi dera limene mumapezeka. Lachiwiri likhale la katundu: jambulani timabokosi poimira zithunzi. Lachitatu lifotokoze mmene munthu angaperekere oda ndi kulipira, kaya pa Airtel Money kapena pa Mpamba.

Muyeseni munthu wa pakhomo pomwepo

Mlongo wanga atafuna tsamba la makeke ake, tinaika pepala loyamba patebulo n'kuitana amayi. Ndinati, "Amayi, tiyerekeze mukufuna keke ya ukwati. Dinani ndi chala pamene mukuona kuti m'poyenera." Iwo akadina, ine ndinkachotsa pepalalo n'kuikapo lotsatira. Atafika pa lachiwiri chala chawo chinayendayenda, kenako chinaima. "Nanga mtengo uli pati?" Tinali titaulemba pa pepala lomaliza. Tinafufuta n'kuulemba pansi pa chithunzi chilichonse, ndipo sizinatitengere mphindi zitatu. Tsamba likanakhala litamangidwa kale, kukonzako kukanatidyera tsiku ndi bandulo.

Poyesa chonchi musamuthandize munthuyo. Khalani chete, muziyang'ana pamene chala chake chikukayikira, chifukwa pamenepo ndi pofunika kukonza. Yesani anthu atatu osiyana misinkhu.

Pulogalamu zojambulira

Akatswiri ambiri amajambulira masamba mu Figma, yomwe inatulutsidwa mu 2016. Imatseguka mu Chrome kapena Firefox, ndipo ili ndi gawo laulere. Mumajambula mabatani, kuwalumikiza ndi masamba otsatira, n'kutumiza linki kwa mnzanu kuti adine ngati zenizeni. Penpot, yopangidwa ku Spain, imagwira ntchito yofanana. Zonse ziwiri zimafuna netiweki yabwino, ndipo chimene mumapeza mukajambula chonchi ndi chithunzithunzi chabe, ngati pulani ya nyumba yosamangidwa. Ine ndimazigwiritsa ntchito tikakhala ambiri pa ntchito imodzi yaikulu. Pa tsamba la mapepala atatu, mukhoza kuzidumpha.

Mangani tsamba lenileni

Ngati pakhomo palibe wodziwa zamakompyuta, Google Sites ndi yokwanira. Ndi yaulere kwa aliyense amene ali ndi akaunti ya Google, ndipo mumangoikamo mawu ndi zithunzi motsatira mapepala aja.

Koma ngati pali mnyamata kapena mtsikana wachidwi, mpatseni mpata aphunzire HTML ndi CSS. HTML imasanja mitu, mawu ndi zithunzi, pamene CSS imasankha mitundu ndi kukula kwa zilembo. Angalembe mu Notepad kapena mu Visual Studio Code, yomwe Microsoft imapereka kwaulere, n'kusunga fayiloyo ndi dzina lakuti index.html. Fayiloyo imatseguka pa kompyuta popanda intaneti, choncho magetsi akakhalapo angaphunzire tsiku lonse osawononga bandulo. Akamaliza, GitHub Pages ingasunge tsambalo pa intaneti kwaulere. Asachite manyazi likaoneka losakongola poyamba: tsamba loyamba padziko lonse, limene Tim Berners-Lee anapanga ku CERN, linali la mawu ndi malinki okhaokha.

Batani lofunika kwambiri ndi la WhatsApp. Linki yake imayamba ndi wa.me/, kenako 265, kenako nambala yanu mutachotsa 0 woyambirira. Batanilo likhale lalikulu, loti chala cha munthu wamkulu chisaliphonye.

Pepukitsani zithunzi

Chithunzi chojambulidwa ndi foni nthawi zambiri chimalemera ma MB angapo. Mukaika zithunzi khumi zotere, kasitomala amatopa kudikira ndipo bandulo yake imatha asanaone keke. Chithunzi chilichonse chidutsitseni kaye mu Squoosh, chida chaulere cha Google, chitsike kufika pa 200 KB kapena kuchepera. Jambulani katunduyo panja m'mawa, pansalu yopanda maluwamaluwa.

Makiyi akhale kwa mwini

Akaunti itsegulidwe ndi imelo ya mwini bizinesi, osati ya wothandiza. Wothandizayo akadzapita kusukulu kapena kuntchito kutali, musadzatsale panja pa tsamba lanu lomwe. Lembani pasiwedi m'kabuku kosungidwa bwino, ndipo zithunzi za ana musaziike patsambalo.

Zonse zikatha, musayesere pa foni yabwino kwambiri ya pakhomo. Tengani yakale ija, yagalasi long'aluka, mupite nayo pakhonde dzuwa likuswa mtengo, muipereke kwa amayi. Akapeza mtengo wa keke n'kukutumizirani uthenga osafunsa munthu, tsambalo lapsa. Yambani kugawa linki.