Kuphulika kwa Gamma Kuthambo: Mafunso ndi Mayankho

Lamulungu pa 9 Okutobala 2022, nthawi ili 3:17 masana pa wotchi ya kuno ku Malawi, padziko lapansi panafika cheza cha gamma champhamvu kuposa china chilichonse chimene asayansi anayezapo kuchokera ku nyenyezi yophulika. Mbali ya thambo imene chinachokera inali pamwamba pathu pa ola limenelo, kumpoto chakum'mawa kwa Mpingu, m'boma la Lilongwe. Ochokera ku mapemphero, ososa m'munda, ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, palibe anaona kanthu. Masetilaiti ndiwo anachimva, ena mpaka zipangizo zawo zinachita chidima kwa kanthawi chifukwa cha kuchuluka kwake. Chezacho chinali chitayenda zaka pafupifupi mabiliyoni awiri chisanatipeze.

Kodi chimaphulikacho n'chiyani?

Ndi nyenyezi ikamafa, koma osati nyenyezi iliyonse. Pali imfa ziwiri. Yoyamba ndi ya nyenyezi yaikulu kwambiri, yolemera kuposa dzuwa lathu kambirimbiri. Ikatha mphamvu yoyakira, pakati pake pamagumuka n'kugwera mkati, ndipo pamabadwa black hole, malo okoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawako. Pamenepo mitsinje iwiri yopyapyala ya moto imaboola nyenyeziyo, wina mbali ino wina mbali inayo, pa liwiro lotsala pang'ono kufanana ndi la kuwala. Kuphulika kotere kumatenga masekondi oposa awiri, nthawi zina mphindi zingapo.

Yachiwiri ndi ya nyenyezi ziwiri zakufa kale, zotchedwa neutron, iliyonse ya makilomita pafupifupi 20 m'mimba mwake koma yolemera kuposa dzuwa. Zimazungulirana zaka zankhaninkhani, kuyandikirana pang'onopang'ono, mpaka kuwombana. Kumeneku n'kwakufupi, kawirikawiri sikufika masekondi awiri.

M'masekondi ochepawo mutha kutuluka mphamvu yofanana ndi imene dzuwa lingatulutse m'moyo wake wonse wa zaka mabiliyoni khumi. Timakuona pokhapokha umodzi mwa mitsinje ija utaloza kuno. Kuphulika kochuluka kumatidutsa osadziwa chifukwa kunaloza kwina.

Nanga cheza cha gamma n'chiyani, ndipo bwanji sitichiona?

Ndi kuwala ndithu, koma kwa mtundu umene diso silingathe kulandira. Amene anajambulitsako chifuwa kapena mwendo wothyoka pa X-ray ku St Gabriel's ku Namitete akudziwa kuti pali kuwala kosaoneka kodutsa mnofu. Gamma ndi wamphamvu kuposa X-ray. Mwayi wathu ndi woti mpweya wozinga dziko lapansi umamumeza asanafike pansi. Mwayi womwewo ndiwo vuto la asayansi: kuti amumve, ayenera kutumiza zipangizo pamwamba pa mpweyawo.

Anayamba kuzizindikira ndani?

Sanali kufunafuna nyenyezi ayi. Mu 1963 America, Soviet Union ndi Britain anasainirana pangano loletsa kuyesa mabomba a nyukiliya mumlengalenga, m'madzi ndi kuthambo. America, posakhulupirira Soviet Union, inatumiza masetilaiti otchedwa Vela kuti azilondera. Pa 2 Julayi 1967 masetilaitiwo anamva cheza cha gamma chosafanana ndi cha bomba lililonse. Mu 1973 Ray Klebesadel, Ian Strong ndi Roy Olson a ku Los Alamos analengeza za kuphulika 16 kotere, n'kuonetsa kuti sikunachokere padziko kapena padzuwa.

Mkangano wa kumene kumachokera unatenga zaka zoposa makumi awiri. Setilaiti ya Compton, imene inakwera mu 1991, inalemba kuphulika koposa 2,700, ndipo kunali mbali zonse za thambo mofanana. Kukanakhala kwa mu Mlalang'amba wathu, kukanaunjikana mu mzere woyera uja timauona usiku wa m'chilimwe. Umboni wogwirika unabwera pa 28 Febuluwale 1997, pamene setilaiti ya BeppoSAX, ya Italy ndi Netherlands, inatembenuka patapita maola asanu ndi atatu n'kupeza kuwala kotsalira pamalo pomwe panaphulika.

Setilaiti ikamva kuphulika, chimachitika n'chiyani?

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Tiyeni titenge setilaiti ya Swift, imene bungwe la NASA linakweza pa 20 Novembala 2004. Ili ndi maso atatu. Loyamba ndi lotambalala, limayang'ana chigawo chachikulu cha thambo nthawi imodzi, kudikira gamma. Likangomva, kompyuta ya m'setilaitimo imawerengera komwe chezacho chachokera, ndipo setilaiti yonse inapangidwa kuti izitembenuka yokha, osapempha chilolezo kwa munthu, mkati mwa mphindi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Diso lachiwiri, la X-ray, ndi lachitatu, la kuwala wamba, amaloza malowo bwinobwino. Swift yakhala ikupeza kuphulika pafupifupi 100 pa chaka. Inzake, Fermi, imene inakwera pa 11 Juni 2008, imaona pafupifupi thambo lonse losatchingidwa ndi dziko, ngakhale siloza malo mwatchutchutchu ngati Swift.

Pamene setilaiti ikutembenuka, uthenga umakhala utatsika kale. M'masekondi ochepa umafika pa makompyuta a NASA, kenako n'kufalikira pa intaneti kudzera pa njira yotchedwa GCN kupita kwa aliyense amene analembetsa. Matelesikopu ena ndi odziyendetsa okha: uthenga ukafika amasiya zimene amayang'ana n'kutembenukira kumeneko, mwini wake ali m'tulo. Kwina lamya imalira pakati pa usiku, katswiri n'kudzuka kukapempha kuti telesikopu yaikulu isiye ntchito ya munthu wina amene anaidikirira miyezi. Aliyense akaona kanthu amalemba kauthenga kafupi kwa onse: ndaona pamalo akuti, pa ola lakuti, kuwala kwake kotere. Ngakhale amene sanaone kanthu amalemba, chifukwa kusaonako kumauza anzake kuti kuwalako kwazilala kufika pati.

N'chifukwa chiyani amathamanga chonchi?

Ndi moto wa mapesi. Umalilima kamodzi n'kutha, ndipo wofika mochedwa amapeza makala okha akunyeka, nawonso akuzilala. Gamma ndiye malawiwo. Makalawo ndi kuwala kotsalira, kumene kumabwera mitsinje ya moto ija ikamawomba mpweya ndi fumbi zozungulira nyenyeziyo. Kumaoneka pa X-ray, pa kuwala wamba ndi pa mafunde a wailesi. Kuwala wamba kumazilala m'maola kapena m'masiku ochepa. Mafunde a wailesi amatha kukhala masabata ngakhale miyezi. Popanda kuwala kotsalirako, sitingadziwe mlalang'amba umene munaphulika, mtunda wake, kapena chimene chafa.

Ndiye pali vuto la usana. Kuphulika sikusankha ola. Kukachitika ku Chile ndi ku Hawaii kuli dzuwa, matelesikopu akuluakulu a kumeneko sangathandize, ndipo onse amayang'ana kumene kwada.

Kodi Africa ilipo pa ntchito imeneyi?

Ilipo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ana athu ambiri amamaliza sekondale asanamveko. Swift ikamadutsa pamwamba pa nyanja ya Indian, imatsitsa nkhokwe ya zimene yayeza ku Malindi, m'mphepete mwa nyanja ku Kenya, pa siteshoni ya bungwe la zakuthambo la Italy. BeppoSAX inkatsitsanso komweko.

Nkhani imene ndimaikonda kwambiri ndi ya ku Namibia. Pa mapiri a Khomas, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Windhoek, pali matelesikopu asanu otchedwa H.E.S.S., anayi a mamita 12 ndi imodzi ya mamita 28. Amagwira gamma ali pansi, mwa nzeru yodabwitsa. Kachidutswa ka gamma kamphamvu zedi kakawomba mpweya kumwamba, kamabala tizidutswa tambirimbiri tothamanga, ndipo timeneti timatulutsa kakuwala kobiriwira ngati thambo, kosakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. Makamera a H.E.S.S. amajambula kakuwalako. Amafuna mdima weniweni, ndipo n'chifukwa chake anawamanga kutali ndi magetsi a m'tauni.

Lachinayi pa 29 Ogasiti 2019, nthawi ili 9:56 usiku kuno, Fermi ndi Swift zinamva kuphulika kumene kunalembedwa kuti GRB 190829A, kutanthauza chaka, mwezi, tsiku, ndi kuti kunali koyamba tsikulo. Malo ake anali asanakwere mokwanira pa thambo la Namibia. Anadikira maola anayi ndi mphindi zingapo, kenako anayamba kujambula, n'kulondola kuwala kotsalirako mausiku atatu, mpaka maola 56 chiphulikireni. Gamma amene anamugwira anali wamphamvu kuposa kuwala wamba kokwana miliyoni kuchulukitsa ndi miliyoni. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa m'magazini ya Science mu 2021, zinavutitsa asayansi mitu, chifukwa gamma wamphamvuyo ankazilala mofanana ndi X-ray, ngati kuti zonse zikuchokera ku gwero limodzi, pamene ambiri ankayembekezera magwero awiri osiyana. Kuphulika komweko anakulondolanso pa mafunde a wailesi ndi MeerKAT, madishi 64 a ku Karoo ku South Africa, amene anatsegulidwa mu 2018.

Ku Sutherland, m'dziko lomwelo, kuli SALT, telesikopu ya magalasi 91 olumikizana. Pa 17 Ogasiti 2017 makina a LIGO ku America ndi Virgo ku Italy anamva kugwedezeka kwa mlengalenga kochokera ku nyenyezi ziwiri za neutron zikuwombana, ndipo patangopita masekondi 1.7 Fermi inamva gamma. Patapita maola 11, telesikopu yaing'ono ya Swope ku Chile inapeza kadontho katsopano mu mlalang'amba wa NGC 4993, pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka 130 miliyoni. Kutada ku Africa kuno, SALT inali m'gulu la oyamba kuyeza mitundu ya kuwala kwake. Kuwombana kumeneko kunasonyeza kuti zitsulo zolemera, za gulu la golide ndi pulatinamu, zimasulidwa m'ngozi zotere.

Amadziwa bwanji mtunda wake poti palibe anapitako?

Amamwaza kuwalako m'mitundu ya utawaleza. M'mitunduyo mumaoneka timizere takuda, chidindo cha mipweya ndi zitsulo zimene kuwalako kwadutsamo. Malo a timizereto amadziwika kale chifukwa anawayeza m'malabotale. Popeza chilengedwe chikufutukuka, kuwala koyenda nthawi yaitali kumatamuka, timizereto n'kusunthira chakofiira. Kusuntha kwambiri, mtunda wautali. Njirayi inagwira ntchito koyamba pa kuphulika kwa pa 8 Meyi 1997, ndi telesikopu ya Keck ku Hawaii, ndipo mkangano uja unathera pomwepo. Kuphulika kwa pa 23 Epulo 2009 kunapezeka kuti kuwala kwake kunayenda zaka zoposa mabiliyoni 13.

Kodi n'zoopsa kwa ife? Zingasokoneze mvula, kapena ndi malodza?

Ayi. Kuja kwa mu Okutobala 2022, kumene asayansi ena akuti kofanana nako kumabwera mwina kamodzi pa zaka 10,000, kunangogwedeza mpweya wa kumwamba kwambiri, umene mafunde ena a wailesi amagundako, ndipo zida zoyezera zinalemba zimenezo. Sikunakhudze mitambo, mbewu kapena thupi la munthu. Kutaphulika pafupi, mu Mlalang'amba wathu, kutaloza kuno, kungawononge mpweya wotiteteza ku cheza cha dzuwa, koma zotere n'zosowa kwambiri. Komanso nyenyezi yothothoka imene timaiona usiku si kuphulika kumeneku: ako ndi kamwala kakang'ono kakupsa mumpweya wathu momwe muno.

Munthu wa ku Mpingu, Nsaru kapena Kabudula angathe kuona, kapena kugwira nawo ntchitoyi?

Ndi maso okha, mwayi ndi wochepa zedi, ngakhale zinatheka kamodzi. Pa 19 Malichi 2008 kuphulika kwina kunawala kwa theka la mphindi mokwanira kuti munthu wa maso akuthwa, pamalo amdima, akadakuona, ngakhale kuwala kwake kunayenda zaka mabiliyoni 7.5.

Kugwira nawo ntchito ndi nkhani ina, ndipo pamenepa ndikuona kuti tikudzichepetsa popanda chifukwa. Mu Julayi 2003 Berto Monard, munthu wongokonda nyenyezi, wokhala kufupi ndi Pretoria, analandira uthenga wa kuphulika, n'kuloza telesikopu yake ya masentimita 30, ndipo anapeza kuwala kotsalira akatswiri asanakupeze. Ku Boyden, kufupi ndi Bloemfontein, kuli telesikopu yodziyendetsa yokha yotchedwa Watcher, ya masentimita 40 basi, imene University College Dublin inaika kumeneko kuti izilondola kuphulika kotere. Chimene zipangizo zazing'onozi zimapambanira n'kufika msanga.

Kuno tili ndi zimene ntchitoyi imafuna. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mausiku ambiri amakhala opanda mitambo, utsi wa kutentha tchire usanadzaze. Mukatalikirako pang'ono ndi magetsi a mzinda wa Lilongwe, kulowera ku Kabudula kapena Nambuma, mdima ulipo wokwanira. Popeza tili kufupi ndi pakati pa dziko, timaona thambo lonse la kumwera ndi gawo lalikulu la kumpoto. Uthenga wa GCN ndi waulere, ndipo zimene Swift ndi Fermi zimayeza zimaikidwa poyera pa intaneti, moti wophunzira fizikisi ku University of Malawi ku Zomba kapena ku MUST ku Thyolo angathe kuzitsitsa n'kuyamba kuziwerengera lero. Anansi athu a Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko asanu ndi atatu a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito yaikulu ya madishi ya SKA, pamene Malawi mulibemo. Choyambira cha ntchito yolondola kuphulikaku kuno ndi telesikopu yaing'ono, kamera yake, sola ndi mabatire, intaneti yosaduka, kanyumba ka denga lotseguka, ndi mphunzitsi mmodzi wophunzitsidwa bwino woti aziyang'anira zonsezi chaka ndi chaka.