Musanaloze Chala Agogo Anu

Ana anga a ku Kasanda, khalani pansi. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndimakumvani mukuponya mawu akuti witchcraft ngati kuti Chingerezi chimasandutsa mphekesera kukhala umboni. Mawuwa ndi a ku England, akale zaka zoposa 1,000. Mkazi womuganizira zamatsenga ankamutcha wicce, mwamuna wicca, ndipo craft ndi luso. Basi. Koma mawu omwewa anapachikitsa anthu ambiri kumeneko, makamaka amayi okalamba ndi osauka. Mu 1735 nyumba yawo ya malamulo inaleka kuweruza ufiti, n'kuyamba kulanga odzitama kuti ali ndi mphamvuzo. Kuno lamulo la Witchcraft Act linabwera mu 1914, ndipo likadalipo. Kumutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ndi mlandu, ana anga, wa chindapusa kapena ndende.

Ine ndende inandiphonya, chilango sichinandiphonye. Mwana wanga ankangolira m'mimba, magazi ochepa, kusukulu osagwira kanthu. Sing'anga ataombeza, ndinaloza azakhali amene anandilera. Sanayankhe. Anamanga katundu wawo, n'kubwerera kumudzi. Kuchipatala atamuyeza mwanayo magazi anapezamo mtovu. Mtovu, osati azakhali! Ndikadazengereza zokapepesa, uthenga wa maliro awo unandipeza pakhomo. Abale akumudzi mpaka lero amandipatsa moni wa mlendo.

Mgodi wa mtovu wa kwathu kuno unatsekedwa mu 1994, koma mtovu sunasamuke nawo. Uli m'dothi limene ana amaumbira tizidole, kuno, ku Makululu ndi ku Chowa. Mphepo ya mu Ogasiti imaulowetsa m'nyumba. Inu anyamata okumba miyala ku Black Mountain, mulu wa zotsalira za mgodiwo, mumabwera nawo m'zovala ndi m'nsapato, kenako mumanyamula khanda. Mtovu umafooketsa ubongo wa mwana mwakachetechete, ndipo ukachuluka mwana amakomoka ngati wa khunyu. Poona zimenezo, pakamwa pamafulumira kutchula dzina la nkhalamba yapafupi.

Za ufiti aliyense ali ndi zake mumtima, lero sindikulimbana nazo. Ndikulimbana ndi chala chanucho. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwana akadwala, yambirani kuchipatala, mupemphe amuyeze mtovu m'magazi. Musambitseni m'manja asanadye. Wazani madzi pabwalo musanasese. Zovala zakumgodi zitsale panja. Ndipo agogo anuwo, chonde, asiyeni akalambe mwaulemu pakhomo pawo.