Ndani Woyenera Kuimira Dziko Lake?

M'nkhani ino ndifuna kukamba za masewera amene ambiri a ife sitinawaonepo ndi maso, pakuti achitika m'maiko ozizira kwambiri. Ngakhale masewerawo ali achilendo, mkangano umene ubuka pa iwo si wachilendo ayi. Mkangano wake ndi uwu: pamene malo ali ochepa ndipo akatswiri ali ambiri, woyenera kukaimira dziko ndani? Nanga wosankhidwayo akavulala, ayenera kutani?

Masewera ake

Pa Chingerezi masewerawa awatcha figure skating. Wosewera avala nsapato zokhala ndi chitsulo chopyapyala chonga mpeni kunsi kwake, natsetsereka pa bwalo la madzi oundana alikuvina motsata nyimbo. Nthawi zina adumpha m'mwamba nazungulira katatu kapena kanayi asanatere ndi mwendo umodzi, ndipo oweruza aona luso lake ndi kukongola kwa kavinidwe kake. Bungwe loyang'anira masewerawa pa dziko lonse ndi International Skating Union, limene linayamba m'chaka cha 1892, ndipo masewerawa analowa m'mpikisano wa Olimpiki ku London mu 1908.

Tsono chofunika kuchigwira bwino ndi ichi. Pa mpikisano wa ovina payekhapayekha, dziko limodzi sililoledwa kutumiza akazi oposa atatu kapena amuna oposa atatu. Kuchuluka kwa malo kudalira kwambiri m'mene ana a dzikolo anachitira pa mpikisano wa dziko lonse wa chaka chapitacho. Koma malowo sakhala a munthu amene anawavutikira. Akhala a dziko, ndipo akuluakulu a bungwe la dzikolo ndiwo asankha opita. Apa ndi pamene pagona mlandu wonse.

Tsiku limodzi kapena zaka zambiri?

Okonda masewerawa agawika pawiri. Ena ati wopambana pa mpikisano wa kwawo ndiye apite, chifukwa wakhoza pa tsiku la mayeso anthu onse alikupenya. Ena ati tsiku limodzi silikwanira kuyesa munthu, koma tiyang'ane ntchito zake za zaka zingapo.

Nkhani ya ku America ya mu Januwale 2014 ionetsa bwino kuvuta kwake. Pa mpikisano wa dzikolo ku Boston, Gracie Gold anali woyamba, Polina Edmunds wachiwiri, Mirai Nagasu wachitatu, ndipo Ashley Wagner, amene anagwa kawiri, anali wachinayi. Malo opita ku Olimpiki ya ku Sochi anali atatu. Akuluakulu anasiya Nagasu natenga Wagner. Ambiri anakwiya, nati ngati wachitatu asiyidwa, mpikisanowo unali wa chiyani? Koma a mbali ina anakumbutsa kuti Wagner anali katswiri wa dzikolo mu 2012 ndi 2013. Anakumbutsanso kuti pa mpikisano wa dziko lonse wa 2013 iye anali wachisanu ndipo Gold anali wachisanu ndi chimodzi. Manambala awiriwo powaphatikiza apanga 11, ndipo lamulo linati akapanda kupitirira 13 dziko lilandira malo atatu. Chotero malo achitatu amene anthu analikulimbirana anadza ndi thukuta la Wagner yemweyo.

Ku Sochi Wagner anakhala wa nambala 7, nathandizanso gulu la America kupata mendulo ya malo achitatu. Nagasu sanataye mtima. Mu 2018 anakhala wachiwiri kwawo, napita ku Olimpiki ya ku Pyeongchang, kumene anadumpha kadumphidwe kovuta kotchedwa triple Axel, ka kuzungulira katatu ndi theka. Iye ndiye mkazi woyamba wa ku America kuchita zimenezi pa Olimpiki. M'chaka chimenecho Wagner anakhalanso wachinayi, koma ulendo uno sanamtenge.

Wosiyidwa lero, wotengedwa mawa

Palinso nkhani ya Michelle Kwan, amene analawa mbali zonse ziwiri. Mu Januwale 1994 ku Detroit, munthu wina anamenya mwendo wa Nancy Kerrigan, kotero kuti sanathe kupikisana nawo kwawo. Kwan, mtsikana wa zaka 13, anakhala wachiwiri, ndipo malo opita ku Lillehammer anali awiri. Komabe akuluakulu anapatsa Kerrigan malowo, iye nakatenga mendulo ya siliva. Kwan anangokhala wodikira.

Zitapita zaka 12, zinthu zinatembenuka. Mu 2006 Kwan anali atapambana kale mpikisano wa dziko lonse kasanu ndi wa kwawo kasanu ndi kanayi, koma anali wovulala, ndipo sanapikisane nawo kwawo. Anapempha kuti amtenge ndithu ku Olimpiki ya ku Turin. Akuluakulu atamuona alikuyeseza anavomera, nasiya Emily Hughes, mtsikana wa msinkhu wathu amene anali wachitatu. Akulu akale sananame pamene anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kutuluka msanga ndi kutuluka mochedwa

Tsopano tifike pa funso lachiwiri, limene kwa ine lili lolemera koposa. Kwan atafika ku Turin anavulalanso poyeseza tsiku loyamba. Pa 12 Febuluwale analengeza kuti sadzapikisana nawo. Mpikisano wa akazi unali usanayambe, ndipo nthawi inalipo yoitana Hughes. Iye anakwera ndege, nafika, nakhala wa nambala 7. Kwan anataya mwayi wake wotsiriza wopata golide ya Olimpiki, imene sanaipatepo, koma dziko lake silinataye malo.

Tifanizire ndi zimene zinachitika kwa a ku Russia mu 2014. Iwo anali ndi malo amodzi okha a mwamuna. Maxim Kovtun, mnyamata wa zaka 18, anapambana mpikisano wa dzikolo mu Disembala 2013, napitirira Evgeni Plushenko, katswiri wa zaka 31 amene anatenga golide ku Turin mu 2006. Kovtun atapita ku mpikisano wa maiko a ku Ulaya anangokhala wachisanu. Pamenepo akuluakulu anayesa Plushenko paokha, popanda khamu la anthu, namsankha, ngakhale anali atachitidwa opaleshoni ya msana chaka chapitacho. Poyamba zinaoneka ngati anasankha bwino, pakuti Plushenko anathandiza Russia kupata golide pa mpikisano wa magulu. Koma pa 13 Febuluwale, nthawi yake yovina payekha itangotsala pang'ono, anamva kuwawa kwakukulu kumsana, nauza oweruza kuti sangathe. Nthawi yolowetsa wina m'malo mwake inali itatha. Chotero pa mpikisano wa amuna wochitikira m'dziko lawo lomwe, a ku Russia analibe wowaimira ndi mmodzi yemwe.

Anthu anakangana kwambiri. Ena anati munthu sasankha tsiku lovulala, ndipo n'kulakwa kunyoza amene watumikira dziko lake zaka zambiri. Ena anati msana umenewo unadziwika kale kuti ngwodwala, ndipo kukadakhala bwino kupatsa mnyamata mpata mpikisano wa magulu utangotha.

Maganizo anga

Ine sindikhulupirira kuti pali njira imodzi yosankhira imene ingakondweretse onse. Kerrigan anatengedwa osapikisana ndipo anabwera ndi siliva. Plushenko anatengedwa atagonja ndipo anabwera ndi golide ya gulu, koma malo a amuna anapita pachabe. Chimene ndiona n'chakuti pali ngongole ziwiri zimene ziyenera kulipidwa.

Yoyamba ndi ya osankha. Iwo anene poyera, mpikisano usanachitike, zimene adzayang'ana, ndipo akasankha afotokoze chifukwa chake. Mkwiyo wa anthu ukula msanga pamene aganiza kuti zinthu zapanganidwa kuseri.

Yachiwiri ndi ya wosankhidwa. Iye akumbukire kuti malo amene wakhalapo ngobwereka, ndi kuti kumbuyo kwake kuli mnzake amene wayeseza zaka zambiri nangotsala pang'ono. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe dokotala kapena mphunzitsi amene adziwa ululu wa m'thupi kuposa mwini wake, choncho iye ndiye ayenera kulankhula nthawi ikadalipo. Kuchita zimenezi si mantha ayi. Kufuna mtima wolimba kuposa kudumpha kulikonse.

Ife tilibe bwalo la madzi oundana, koma chaka ndi chaka tisankha otiimira pa mpira, pa liwiro ndi pa mtsutso. Chifukwa chake ndisiya mafunso awa kuti a bungwe la mtsutso akawaganizire:

1. Kodi katswiri wodziwika amene walephera pa tsiku losankha ayenera kupatsidwa malo a amene wakhoza?
2. Kodi wovulala aloledwe kudziweruza yekha, kapena aweruzidwe ndi ena?
3. Kodi wodikira amene sanapite tiyenera kumchitira ulemu wotani?

Wophunzira wa Fomu 3