Kudzutsa Mini Yodyeka ndi Dzimbiri: Mafunso ndi Mayankho

Kuseri kwa nyumba zina zakale kudakali timagalimoto tomwe tidazima kalekale, matayala ali phwa, udzu utamera mpaka m'mawindo. Kabuku kano n'ka munthu amene waona Mini yotere, mtima wake n'kugunda, ndipo akufuna kudziwa choti achite asanatulutse ndalama.

Kodi Mini ndi galimoto yotani kuti munthu azivutika nayo chonsecho ndi yakale?

Ndi kagalimoto ka ku Britain komwe kampani ya British Motor Corporation idatulutsa mu Ogasiti 1959. Mafuta adali atavuta ku Ulaya chifukwa cha mkangano wa ngalande ya Suez mu 1956, ndiye injiniya Alec Issigonis adauzidwa kuti akonze galimoto yosamwa mafuta koma yokwana anthu anayi. Iye adagoneka injini chopingasa, giyabokosi n'kuilowetsa pansi pa injiniyo, ndipo matayala akutsogolo ndiwo adakhala okoka. Galimoto yonse idangopitirira pang'ono mamita atatu m'litali. Mtundu wake wa Cooper S udapambana mpikisano wa Monte Carlo mu 1964, 1965 ndi 1967. Pofika mu Okutobala 2000, pomwe yomaliza idatuluka pa fakitale ya Longbridge ku Birmingham, zidali zitapangidwa zoposa 5 miliyoni. Zina zinkapangidwa ku Blackheath, pafupi ndi Cape Town, n'chifukwa chake zipangizo zake zimapezekabe ku South Africa.

Mwiniwake akuti injini ili bwinobwino, idangosowa batire. Ndimukhulupirire?

Mwina akunena zoona, koma si pamene pagona nkhani. Injini ya Mini, ya mtundu wa A-series, ndi yosavuta: makaniko aliyense amene adagwirapo magalimoto a kabuleta angaimasule n'kuibwezera. Chomwe chimapha Mini ndi bodi. Galimotoyi ilibe chesisi payokha ngati mmene ilili pikapu. Bodi yomweyo ndiyo mafupa ake, ndipo injini ndi matayala zimagwira pa mafelemu awiri aang'ono otchedwa subframe, ina kutsogolo ina kumbuyo, omangiriridwa ku bodiyo ndi mabawuti. Bodi ikawola, mabawutiwo alibe pogwira. Kuli bwino kugula Mini ya injini yakufa koma ya pansi polimba kusiyana ndi yolira bwino koma yobooka. Choncho Mini imagulidwa munthu atagona pansi ndi tochi.

Nanga pansipo ndiyang'ane chiyani?

Tengani tochi, sikuludiraiva, kahamala ndi maginito, ndipo pitani masana. Valani zoti zide.

Yambani ndi zitsulo zazitali za m'munsi mwa zitseko, zomwe amakaniko amati ma sill. Ndi zamphako, ndipo ndizo zimagwira galimoto kuti isapindike pakati. Gogodani ndi kahamala: chitsulo chamoyo chimalira ngwe, chowola chimalira phu, mwinanso mumva zinyenyeswa zikuyoyoka m'kati. Ma sill enieni a Mini ali ndi timipata totulutsira madzi. Mukapeza atsekeratu ndi chitsulo chotambalala chopinda mpaka pansi pa galimoto, dziwani kuti wina adangovindikira chowola ndi chatsopano, ndipo madzi akhala akugona m'katimo zaka zonsezi.

Kenako vundukulani kapeti, makamaka popondera dalaivala ndi mnzake wa kumanzere. Mphira wa galasi lakutsogolo akatha, madzi a mvula amatsikira pamenepo, kapeti n'kuwasunga. Onaninso kachitsulo ka pakati pa chitseko ndi tayala lakutsogolo, pomwe matope amaunjikana, komanso m'munsi mwa zitseko ndi m'makona a galasi. Mizere yotumphuka yomwe imaoneka kunja kwa bodi ya Mini, pomwe zitsulo zidalumikizana, nayonso imasunga chinyontho pansi pa timizere tovindikirapo.

Tsegulani buti. Batire la Mini limakhala kumbuyoko, m'kabokosi kolowa pansi, ndipo asidi wake amadya kabokosiko mpaka kubooka. Pomaliza gonani kumbuyo muone subframe ya kumbuyo ndi pamene yagwira bodi, kutsogolo kwa matayala, pansi pa mpando wakumbuyo. Ya kutsogolo nthawi zambiri imapulumuka chifukwa oyilo wodontha m'injini amaidzoza. Ya kumbuyo ilibe mwayi umenewo.

Pokayikitsa paliponse dinikizani ndi sikuludiraiva, mutapempha kaye mwiniwake. Akakana, wakuyankhani kale. Maginito ndi owululira fila: yendetsani pa bodi, ndipo pamene akukana kugwira pali phala lomata, osati chitsulo. Penti wotupa timatuza ndiye kuti dzimbiri ladya kuchokera m'kati, ndipo bowo lomwe mudzapeze mukapala lidzaposa katuzako kutali.

Kuno kulibe chipale chofewa. Dzimbiri lochuluka chotere likuchokera kuti?

N'zoona kuti ku Britain amathira mchere m'misewu nyengo yozizira, ndipo mcherewo udatha ma Mini ambiri. Ya kuno imene yakhala m'galaja youma imatha kukhala yolimba kuposa inzake ya ku Birmingham. Koma yoimikidwa pansi pa mtengo wa mango ili ndi adani ake: masamba amatseka mipata ya madzi, udzu umasunga mame pansi pa galimoto, ndipo matope a dzinja omatirira m'malo a matayala sauma msanga. Imene idakhalapo ku Durban kapena ku Beira imabwera ndi mchere wa m'mphepo ya kunyanja. Funsani komwe idakhala ndi pomwe idaimikidwa. Pa simenti ndi pa dothi si chimodzimodzi.

Pali dzimbiri loti munthu n'kungobwerera osagula?

Lilipo. Tsegulani zitseko zonse ziwiri n'kuzitseka. Ngati zagwa, zikukhula pansi, kapena mpata wa pamwamba wasiyana kwambiri ndi wa pansi, mwina ndi mahinjesi chabe, koma mwinanso bodi yayamba kupindika. Ngati ma sill, pansi, pogwira subframe ndi m'mbali mwa denga zonse zatha, mudzakhala mukumanga galimoto yatsopano mozungulira chiwongolero. Zitsulo zonsezi zimagulidwa. Kampani ya British Motor Heritage ya ku Witney imapangabe ngakhale bodi yathunthu. Koma werengerani mtengo wa ku Britain, woyendetsera, ndi msonkho wa ku MRA. Kwa ambiri a ife, Mini yotere ndi yongochotsako zipangizo zopatsa inzake.

Za mapepala ndidzaona galimoto ikadzatha, si choncho?

Ayi, yambani ndi zimenezo. Pemphani Blue Book, ndipo nambala ya bodi ndi ya injini zolembedwamo zifanane ndi zomwe zili pa galimoto. Magalimoto otere nthawi zambiri ndi chuma cha masiye, ndiye dziwani amene ali ndi mphamvu yogulitsa, mulemberane pamaso pa mboni, ndipo kasintheni umwini ku Road Traffic musanagule ngakhale bawuti imodzi. Abale amene sadailabadire ili m'udzu amaikumbukira ikayamba kuwala.

Ndingoikoka ndi chingwe? Ndi yopepuka.

Ndi yopepuka ndithu, siifika ngakhale tani imodzi, koma musaikoke. Mabuleki a galimoto yomwe yaima zaka zambiri ndi akufa: mafuta ake adamwa chinyontho, timphira ta m'kati tidauma, mapaipi adadyeka. Ma Mini akale ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, moti paipi imodzi ikaphulika matayala onse anayi sagwira. Ganizani muli pa chingwe potsika Thabwa kupita ku Chikwawa, kapena pa Chiweta, yokoka yaima mwadzidzidzi. Komanso chingwecho muchimanga pati? Bampala ya Mini ndi yokongoletsa chabe, ndipo subframe yowola imatha kuzuka.

Pezani galimoto yonyamulira magalimoto owonongeka, kapena ngolo, kapena lole yaing'ono. Yesani kaye m'lifupi: Mini ndi pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 40, ndipo matabwa okwererapo a ngolo zambiri ndi otalikirana kuposa matayala ake. Ndi yaifupinso, choncho pokwera pakakhala potsetsereka kwambiri pansi pa injini pamagunda. Ngati lole ilibe pokwerera, ibwezeni chambuyo ku chulu kapena ku mtumbira kuti thebulo lake lilingane ndi nthaka. Pa ngolo, mbali ya injini ikhale kutsogolo. Mangani matayala onse anayi ndi malamba, ikani mphiringidzo, ndipo mukayenda pang'ono imani mukungenso. Boneti, buti ndi zitseko zimangidwe, apo ayi mphepo idzakuchotserani panjira.

Matayala akukana kuzungulira. Titani?

Ndi mabuleki amamatirira ku dramu. Chotsani giya, tsitsani handibuleki, kwezani ndi jeke, bwezani chosinthira mabuleki kuseri kwa dramu, ndipo menyani dramuyo mozungulira ndi hamala mutaika thabwa. Nthawi zambiri imamasuka. Jeke musamuike pa sill yowola, angalowe m'kati. Ikani thabwa pansi pa subframe. Popani matayala ngakhale ong'aluka, angokwanitsa kufika pa lole. Ma Mini a chisanafike chaka cha 1984 ambiri ali ndi malimu a mainchesi 10, omwe matayala ake simungawapeze pa shopu iliyonse, ndiye musataye ngakhale limodzi musanapeze lolowa m'malo.

Yafika pakhomo. Ndiyese kuiliza?

Dikirani. Masulani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'mabowo mwake, papite masiku angapo. Kenako ikani giya yomaliza n'kuikankha pang'onopang'ono, kutsogolo ndi kumbuyo, muone ngati injini ikutembenuka. Khuthulani petulo wakale yense ndipo tsukani thanki. Sinthani oyilo ndi fyuluta. Kumbukirani kuti mu Mini injini ndi giyabokosi zimamwera oyilo mmodzi, wokhuthala wa 20W-50. Onaninso mmene batire limalumikizidwira, chifukwa ma Mini ambiri a m'ma 1960 amalumikiza mbali ya pulasi ku bodi, mosemphana ndi magalimoto a lero.

Pali ziwiri za petulo wathu. Kuno petulo amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, pomwe fakitale ya ku Dwangwa idayamba, ndipo ethanol amafewetsa mapaipi akale a mphira, choncho sinthani onse. Chachiwiri, injini zakale zidapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, yemwe adaleka kugulitsidwa. Mukamakonza hedi, auzeni aike mipando yolimba ya mavalavu otulutsa utsi.

Ntchito yeniyeni iyambire pati?

Pa chitsulo. Chiyeso chachikulu n'kuyamba ndi penti ndi mipando, poti ndizo anthu amaona. Koma penti wothira pa dzimbiri ali ngati pulasitala pa khoma losweka maziko: dzinja limodzi, mng'alu wabwerera.

Jambulani chilichonse ndi foni musanamasule, mabawuti muike m'timapepala tolemba. Mabawuti a Mini ndi a mainchesi, ndiye pezani masipanala a 7/16, 1/2 ndi 9/16. A mamilimita amangoperesa mitu. Chotsani thanki, yomwenso ili m'buti, batire, kapeti ndi mawaya apafupi moto usanayandikire. Galimoto ikhale pa zochirikiza zachitsulo, osati pa njerwa. Fumbi la m'madramu musaliuzire ndi pakamwa, mabuleki akale ali ndi asibesitosi. Pukutani ndi nsalu yonyowa.

Musanadule ma sill, wotchererani zitsulo zopingasa pa makomo kuti bodi isasunthe, ndipo malizani mbali imodzi musanayambe inayo. Zitseko muziyesa kawirikawiri ntchito ili m'kati. Chowola chidulidwe mpaka pofika chitsulo chowala, chatsopano chilowe m'malo mwake, osati pamwamba pake. Mukatha, pakani mankhwala ophera dzimbiri, kenako penti woyamba wa epoxy, tsekani m'malumikiziro, ndipo m'mphako za ma sill mupoperemo phula lotetezera. Zikatero ndiye mabuleki, chiwongolero, mawaya, injini, ndipo penti wa pamwamba kumapeto.

Wowotcherera aliyense angathe?

Ayi. Ku Ndirande ndi ku Biwi kuli amisiri a manja odabwitsa, oti kachidutswa kopindika amakuumbirani ndi hamala basi. Koma makina owotcherera mageti ndi mabagalaba ndi aukali kwambiri pa chitsulo cha bodi, chomwe kukhuthala kwake n'kwa milimita imodzi kapena kucheperapo, amangochiboola. Funani wa makina a MIG, kapena wodziwa gasi amene sapindika chitsulo ndi kutentha. Muuzeni akuonetseni ntchito yake isanamatidwe fila. Malata a denga si chitsulo cha galimoto, ndipo utsi wake powotcherera umadwalitsa. Denga kapena boneti ya galimoto ina yakufa ndi chitsulo chabwino chodulamo zigamba. Lipirani mbali ndi mbali, mutaona ndi maso, ndipo fila aikidwe inu mutavomereza zowotchererazo.

Zidzatenga ndalama zingati, nthawi yaitali bwanji?

Mtengo weniweni umadziwika penti akapalidwa, osati patsiku logula. Ndalama zambiri zimathera pa bodi ndi pa zipangizo zoitanitsa kunja, choncho lembani zonse zofunika muitanitse pamodzi, m'malo molipira woyendetsa pa kanthu kalikonse. Ngati thumba ndi lochepa, gawani ntchito m'magawo oti lililonse lithe palokha, ndipo chitsulo chopalidwa chisagone osapakidwa, makamaka dzinja. Ikayamba kuyenda, ipezereni inshuwalansi ndi COF isanaponde msewu. Pa ulendo woyamba nyamulani nsanza youma: distributor ya Mini ili kutsogolo kwenikweni, kuseri kwa gilo, ndipo mukawoloka chithaphwi mothamanga imanyowa, injini n'kuzima pomwepo.