Kompyuta Nayo Ili ndi Kaundula Wake

Anzanga, teremu yathayi ndinatsala pang'ono kulipitsidwa kompyuta. Lachitatu lina ndinali womaliza kugwiritsa ntchito kompyuta nambala 4, ndipo m'mawa mwake inakana kuyaka. Aliyense ankaloza ine. Mtima unali m'mwamba, poti kwathu ngakhale fizi timaipeza titagulitsa mtedza.

Chimene chinandipulumutsa ndi chomwe ndikufuna tiphunzire lero.

Kompyuta imalemba zimene zikuichitikira: yayaka nthawi yanji, walowamo ndani, chavuta n'chiyani. Zolembazi amazitcha log. Koma zimasungidwa pa hard disk ya kompyuta yomweyo, ndiye disk ikafa, umboni wafera limodzi. Zili ngati monita kusunga kaundula m'chikwama chake, chikwamacho n'kugwera mumtsinje popita kwawo. N'chifukwa chake aphunzitsi athu anakonza zoti makompyuta onse azitumiza log kudzera pa netiweki kupita ku kompyuta imodzi ya mu ofesi, yotchedwa seva.

Njira yake imatchedwa syslog. Anaiyambitsa ndi Eric Allman wa ku America m'zaka za m'ma 1980. Uthenga uliwonse umanyamula nthawi, dzina la kompyuta, pulogalamu imene yalankhula, ndi nambala yosonyeza kukula kwa vuto, kuyambira 0 mpaka 7. Musasokonezeke: 0 ndiye woopsa kwambiri, kutanthauza kuti zinthu zaimiratu. 3 ndi cholakwika, 4 ndi chenjezo, 7 ndi tizambiri tothandiza okonza mapulogalamu.

Mauthengawa nthawi zambiri amalowera pa port 514, pogwiritsa ntchito UDP. UDP ndi yachangu koma siifunsa ngati uthenga wafika, ngati kukuwira munthu ali tsidya la dambo. TCP imadikira yankho, ndipo chikasowa china imatumizanso. Chinanso, mawotchi a makompyuta onse azigwirizana, apo ayi simungadziwe chimene chinayamba kuchitika.

Tsono aphunzitsi atatsegula seva ija, anapeza kuti nambala 4 inayamba kudandaula za disk milungu iwiri ine ndisanaikhudze. Tsiku ndi tsiku inkatumiza uthenga wa nambala 3. Anandiitana n'kuti, "Iwe, usadandaule, disk inkafa kale." Ndinapuma, ndipo njira yobwerera kunyumba tsiku limenelo inafupika.

Koma taonani apa: kompyuta inalira milungu iwiri popanda woimva. Tikanawerenga msanga, tikanapulumutsa manotsi a anzathu a Fomu 4 amene anali m'menemo. Kutumiza log ku seva sikukwanira, pamafunika wowerenga. Panopa a kalabu ya makompyuta timaziona Lachisanu lililonse tisanaweruke, ndipo timayambira pa manambala aang'ono.

Funso la sabata ino: uthenga wa nambala 2 ndi wa nambala 6, muyamba kuwerenga uti, ndipo chifukwa chiyani? Ponyani yankho lanu m'bokosi la magazini.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2