Kugaŵa Chuma ndi Kusamalira Ana Pambuyo pa Chisudzulo

1, 2. (a) Kodi ndi mafunso otani amene amatsala pamene ukwati watha? (b) Kodi nchifukwa ninji kupenda malamulo a dziko limodzi kuli kothandiza?

PAMENE woweruza alengeza kuti ukwati watha, nkhaniyo siithera pomwepo. Nyumba imene aŵiriwo anamanga imakhala ilipobe, ngongole ya kubanki imafunabe kubwezedwa, ndipo mmaŵa mwake ana amafuna phala ndi ndalama za sukulu monga mwa masiku onse. Kodi ndani adzatenga nyumbayo? Kodi mkazi amene anatha zaka 20 akulera ana popanda malipiro adzachoka chimanjamanja? Nanga ndani adzalipira kuchipatala mwana akadwala?

2 Malamulo oyankha mafunso ameneŵa amasiyana m'maiko osiyanasiyana, ndipo munthu aliyense afunikira kudziŵa a kumene akukhala. Komabe, kupenda mosamalitsa malamulo a South Africa, kumene anthu ambiri a m'maiko oyandikana nawo amagwira ntchito ndi kulera mabanja, kungasonyeze bwino lomwe mfundo zimene makhoti amatsatira ndiponso mathayo amene chisudzulo sichimafafaniza.

Njira Zitatu Zokhalira ndi Chuma

3. Kodi chuma chimagaŵidwa motani ngati okwatirana sanalemberane pangano?

3 Ku South Africa, kagaŵidwe ka chuma kwakukulukulu kamadalira pa zimene aŵiriwo anachita ukwati usanachitike. Ngati sanalemberane pangano lililonse, lamulo limaphatikiza chuma chawo chonse kukhala chimodzi, kuphatikizapo zimene aliyense anali nazo asanakwatirane. Pachisudzulo, aliyense amatenga theka. Komatu ngongole nazonso zimaphatikizidwa, kotero kuti mkazi angapezeke akubweza ngongole imene mwamuna wake anatenga iwo asanadziŵane nkomwe. Lamulo la 1998 lovomereza maukwati a mwambo, limene linayamba kugwira ntchito pa November 15, 2000, linaika maukwati a mwambo a mkazi mmodzi pansi pa dongosolo limodzimodzili.

4, 5. (a) Kodi njira yachiŵiri imagwira ntchito motani? (b) Fotokozani kaŵerengeredwe kake mwa chitsanzo.

4 Njira yachiŵiri imafuna pangano losainidwa pamaso pa loya wovomerezedwa tsiku la ukwati lisanafike. Chiyambire November 1, 1984, pangano loterolo limatanthauza kuti aliyense amasunga chuma chake ndi ngongole zake m'nthaŵi ya ukwati, koma pachisudzulo aŵiriwo amagaŵana phindu limene linawonjezereka. Amene chuma chake chinakula pang'ono amalandira theka la kusiyana kwake. Kaŵirikaŵiri choloŵa ndi mphatso zimene munthu analandira siziŵerengeredwa.

5 Mwachitsanzo, tinene kuti mwamuna analoŵa muukwati ali ndi chuma cha marandi 50,000 ndipo pachisudzulo ali ndi 450,000. Phindu lake ndi 400,000. Mkazi anayamba ndi 10,000 ndipo tsopano ali ndi 110,000, chotero phindu lake ndi 100,000. Kusiyana kwake ndi 300,000, ndipo mkaziyo ayenera kulandira theka lake, ndilo 150,000. Poŵerengera zenizeni, mtengo wa chuma choyambira umakwezedwa choyamba mogwirizana ndi kutsika mphamvu kwa ndalama m'zakazo.

6. Kodi njira yachitatu inadzetsa vuto lotani, ndipo khoti linagamula motani mu 2023?

6 M'njira yachitatu, pangano limanena mwachindunji kuti sipadzakhala kugaŵana phindu. Aliyense amachoka ndi zolembedwa m'dzina lake. Zimenezi zinasiya akazi ambiri ali m'mavuto aakulu, makamaka awo amene analeka ntchito yolembedwa kuti asamalire banja pamene bizinesi ya mwamuna inali kukula. Mu October 2023, Khoti Loona za Malamulo Oyendetsera Dziko linagamula kuti kunali kupanda chilungamo kumana okwatirana pambuyo pa 1984 mwaŵi wopempha woweruza kusamutsira kwa iwo mbali ya chuma cha mnzawo, mwaŵi umene okwatirana kale anali nawo. Ngakhale zili choncho, wopemphayo ayenera kusonyeza kuti anathandizira kusunga kapena kukulitsa chumacho, kaya ndi ndalama kapena ndi ntchito.

7. Kodi nchifukwa ninji penshoni siyenera kuiŵalidwa?

7 Chuma chimene ambiri amaiŵala ndicho penshoni, ngakhale kuti m'mabanja ena imaposa mtengo wa nyumba. M'njira ziŵiri zoyambazo, ndalama zimene wantchito wasonkhanitsa m'thumba la penshoni zimaŵerengeredwa monga mbali ya chuma chake. Koma oyang'anira thumbalo amalipira mnzake wakale wa muukwati kokha ngati chigamulo cha khoti chatchula thumbalo momvekera bwino ndi gawo loyenera kuperekedwa. Mawu osalongosoka m'chikalata cha chisudzulo angachedwetse malipirowo kwa nthaŵi yaitali.

Ntchito ya Panyumba Ili ndi Mtengo

8. Kodi malamulo a Malaŵi amanenanji za ntchito ya panyumba?

8 Amuna ena amalingalira kuti popeza ndiwo anali kulandira malipiro, zonse nzawo. Makhoti ambiri samavomereza lingaliro limenelo. Ku Malaŵi, gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limapatsa mkazi ufulu wa kugaŵiridwa mwachilungamo chuma chimene anali nacho limodzi ndi mwamuna wake, ndiponso wa kulandira chichirikizo choyenera. Lamulo la maukwati ndi chisudzulo la 2015 limauza khoti kulingalira zimene aliyense anathandizira, kuphatikizapo ntchito za panyumba. Ngakhale mwambo wa chikamwini umafuna kuti mwamuna amangire mkazi wake nyumba kwawo kwa mkaziyo, ndipo makhoti akhala akulamula amuna osudzula kukwaniritsa thayo limenelo. Ndithudi, amene anali kutunga madzi, kulima kumunda, ndi kuchezera usiku ndi mwana wodwala ndiye anatheketsa mnzakeyo kupita kuntchito ndi mtima wokhazikika.

Chichirikizo kwa Mnzake Wakale wa Muukwati

9. Kodi khoti limalingalira zinthu ziti popereka chichirikizo kwa mwamuna kapena mkazi wosudzulidwa?

9 Kugaŵa chuma kumachitika kamodzi, koma chichirikizo cha mwezi ndi mwezi ndi nkhani ina. Ku South Africa, lamulo la chisudzulo la 1979 silimalonjeza chichirikizo chimenechi kwa aliyense. Woweruza amapenda chuma chimene aliyense ali nacho, kuthekera kwake kwa kupeza ndalama, zosoŵa zake, msinkhu wake, utali wa ukwatiwo, moyo umene banjalo linazoloŵera, ndi khalidwe limene linachititsa ukwatiwo kusweka. Mkazi wachitsikana wokhala ndi luso angapatsidwe chichirikizo cha zaka zoŵerengeka kuti apeze poyambira, pamene wachikulire amene sanalembedwepo ntchito angachilandire kufikira imfa kapena kufikira atakwatiwanso. Mwamuna nayenso angapemphe. Nkofunika kudziŵa kuti pempholo liyenera kuperekedwa panthaŵi ya chisudzulo, pakuti amene alekerera sangadzalitsegulenso pambuyo pake.

Thayo kwa Ana Silimatha

10, 11. (a) Kodi makolo amagaŵana motani thayo la kusamalira ana? (b) Kodi ndi malingaliro olakwika ati amene makolo ayenera kupeŵa?

10 Mwamuna ndi mkazi angasudzulane, koma palibe kholo limene limasudzula mwana wake. Khoti silimapereka chisudzulo kufikira litakhutira kuti makonzedwe osamalira ana ali oyenera. Makolo onse aŵiri ali ndi thayo la kupereka chakudya, zovala, pogona, mankhwala, ndi maphunziro, aliyense monga mwa mapezedwe ake. Ngati atate amalandira marandi 12,000 pamwezi ndipo amayi 6,000, pamene zosoŵa za mwana zimafika 3,000, atate angayembekezeredwe kupereka 2,000 ndipo amayi 1,000. Thayolo silimathera pausinkhu wa zaka 18. Limapitiriza kufikira mwanayo atakhoza kudzisamalira.

11 Atate ena amaleka kupereka ndalama chifukwa chakuti akwatiranso. Komabe, lamulo la 1998 la chichirikizo limanena kuti ana onse a kholo ali ofanana, kaya ndi a ukwati woyamba, wachiŵiri, kapena obadwa kunja kwa ukwati. Ena amamana mwana ndalama pofuna kukhaulitsa amake, ndipo amayi ena amaletsa atate kuona mwana kufikira atalipira. Makhoti amaona kuchezera mwana ndi kumchirikiza monga nkhani ziŵiri zosiyana. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu, ndipo m'nkhondo zoterozo wovulala ndi mwana amene sanalakwe kanthu.

12. Kodi kholo liyenera kuchitanji ngati mikhalidwe yake yasintha?

12 Bwanji ngati kholo lachotsedwa ntchito kapena ladwala? Siliyenera kungoleka kulipira mwakachetechete, pakuti chigamulocho chimagwirabe ntchito ndipo ngongole imaunjikana. Khoti lililonse la majisitireti limakhalanso khoti la chichirikizo, ndipo kholo lingapiteko popanda loya kukapempha kuti ndalamazo zichepetsedwe. Mofananamo, kholo losunga ana lingapemphe kuti ziwonjezedwe pamene zosoŵa zakula. Kwa wokana dala, khoti lingalamule womlemba ntchito kudula ndalamazo kumalipiro ake, lingalande katundu wake, ndipo angaimbidwe mlandu ndi kuikidwa m'ndende.

Kuona Mtima Kumapulumutsa Zambiri

13. Kodi nchifukwa ninji kubisa chuma kuli kupanda nzeru?

13 Panthaŵi ya mkwiyo, chiyeso cha kubisa chimakhala champhamvu. Ena amalembetsa galimoto m'dzina la mbale wawo, kusamutsira ng'ombe kukhola lina, kapena kutchula malipiro ochepa. Machenjera oterowo amatalikitsa mlandu, ndipo chuma chimene chikanalera ana chimathera kwa maloya. Woweruza akatulukira bodza limodzi amakayikiranso umboni wonse wa munthuyo. Ndiponso, ana amakula. Tsiku lina adzadziŵa kholo limene linawadyera masuku pamutu.

14. Kodi ndi masitepe ati amene angachepetse mkangano?

14 Chotero, osudzulana amachita bwino kulemba mpambo wathunthu wa katundu ndi ngongole, kusonkhanitsa zikalata za malo, za banki, ndi za penshoni, ndi kuŵerengera moona mtima ndalama zimene mwana aliyense amafuna pamwezi. Ankhoswe kapena mkhalapakati wosakondera angawathandize kugwirizana popanda kutukwanizana. Pangano lawo liyenera kulembedwa ndi kuperekedwa kukhoti kuti likhale chigamulo, chifukwa lonjezo la pakamwa limaiŵalika pamene mikhalidwe isintha. Wolipira asunge malisiti, ndipo wolandira agwiritsire ntchito ndalamazo pa ana eni ake. Chigamulo chimangotchula zochepa zimene kholo liyenera kupereka. Kholo la chikumbumtima chabwino limalipira panthaŵi yake, ndipo mwana akafuna nsapato pakati pa mwezi, silimayamba layang'ana m'chikalata cha khoti.

Kodi Mukukumbukira?

□ Kodi njira zitatu zokhalira ndi chuma muukwati zimasiyana motani pachisudzulo?

□ Kodi nchifukwa ninji ntchito ya panyumba iyenera kuŵerengeredwa pogaŵa chuma?

□ Kodi thayo la kuchirikiza mwana limatha liti?

□ Kodi kholo limene lataya ntchito liyenera kuchitanji?