Magazi Sanama: Mafunso ndi Mayankho pa Umboni wa Sayansi Pofufuza Milandu

Amalawi ambiri okhala ku Cape Town amalawirira m'mawa kupita ku Claremont, ena kukagwira ntchito za m'nyumba, ena kukasamala maluwa, ena kukalondera. Choipa chikachitika usiku, nthawi zambiri woyamba kutsegula chitseko ndi kuchiona amakhala mmodzi wa ife. Kabukuka kakufotokoza mmene apolisi amapezera umboni pamalo a chiwembu, ndi zomwe ife tingachite kuti umboniwo usawonongeke m'manja mwathu.

1. Bwanji tikuyambira ku Claremont?

Chifukwa cha Uyinene Mrwetyana, mtsikana wa zaka 19 yemwe ankaphunzira pa yunivesite ya Cape Town. Pa 24 Ogasiti 2019 anapita kukatenga katundu wake ku positi ofesi ya Clareinch, yoyandikana ndi polisi ya Claremont. Wogwira ntchito pamenepo, Luyanda Botha, anamuuza kuti abwerenso nthawi ina. Atabwerera anapeza bamboyo ali yekha, ndipo anamugwiririra n'kumupha pomumenya ndi sikelo. Kenako anakolopa magazi, n'kutenga thupilo kukaliwotcha ku Lingelethu West, ku Khayelitsha.

Anachita zonsezi pofuna kufafaniza mapazi ake. Koma magazi anapezekabe mu positi ofesimo, ndipo thupi lopserera lija linadziwika kuti ndi la Uyinene atayeza DNA. Botha anavomera mlandu, ndipo pa 15 Novembala 2019 bwalo lalikulu la Western Cape linamugamula kukhala m'ndende moyo wake wonse katatu, kuphatikizapo zaka 5 chifukwa chowononga umboni.

2. Munthu atakolopa, magazi angapezeke bwanji?

Diso limanyengeka, koma mankhwala amatha kuonetsa zomwe diso silinaone. Magazi amalowa m'ming'alu ya simenti, m'mphepete mwa matailosi, pansi pa nsapato, ngakhale m'chokolopera momwe. Ofufuza amathira mankhwala monga luminol m'chipinda chamdima, ndipo pomwe panali magazi pamawala ngati ziphaniphani. Kuwalako kumangolozera poyang'ana. Chotsimikizira kuti ndi magazi a munthu, komanso a ndani, chimachokera ku labotale.

Mfundo yaikulu ya ntchitoyi inachokera kwa Edmond Locard, amene anatsegula labotale ya apolisi ku Lyon, m'dziko la France, mu 1910. Iye ankaphunzitsa kuti munthu akakhudza chinthu amasiyapo kanthu, ndipo naye amatengapo kanthu. Ife tikuidziwa kale mfundoyi: wodutsa m'tchire la chisoso satuluka ndi buluku loyera.

3. Kodi DNA n'chiyani?

Ndi chizindikiro chobadwa nacho chomwe chili m'thupi lonse: m'magazi, m'malovu, mu umuna, m'mizu ya tsitsi, m'mano ndi m'mafupa. Theka timatengera kwa mayi, theka kwa bambo. N'chifukwa chake thupi likapsa kapena kuwola mpaka nkhope kusazindikirika, amayeza achibale n'kufananiza. Palibe anthu awiri ofanana DNA kupatula mapasa ochokera m'dzira limodzi.

Njira yozindikira munthu ndi DNA anaitulukira ndi Alec Jeffreys ku Leicester, ku England, mu 1984. Ku Joni kuno lamulo la DNA linakhazikitsidwa mu 2013 n'kuyamba kugwira ntchito mu Januwale 2015. Limalola apolisi kutenga malovu m'kati mwa tsaya la munthu womangidwa pa milandu ikuluikulu, n'kusunga zotsatira zake m'kaundula wa dziko lonse. Motero munthu wogwidwa lero akhoza kupezeka kuti ndi yemwe anapalamula kwina zaka zapitazo. Mlandu suwola.

4. Umboni wotengedwa ku Claremont umapita kuti?

Magazi, zovala, zipolopolo ndi zina zotero zimapita ku labotale ya apolisi ku Plattekloof. Chilichonse chimaikidwa m'thumba lakelake lomata, lokhala ndi nambala, ndipo aliyense wolilandira amasayina. Thumba likafika lotseguka, kapena pakasowa siginecha ya mmodzi, loya wa woimbidwa mlandu amafunsa kuti, "Tidziwa bwanji kuti sanasinthe?" Funso limenelo lokha likhoza kumasula munthu wolakwa.

5. Ine ndikapeza kuti panyumba ya abwana athyola, kapena munthu wafa, nditani?

Apa ndiye pagona nkhani. Ife tinaleredwa kuti pamalo pakada timasesa, mtembo timaufunditsa nsalu, galasi losweka timatola. Ndi ulemu umenewo, koma pamalo a chiwembu ulemu weniweni ndi kusakhudza kanthu.

Ngati munthu akupuma, moyo ndiwo woyamba: itanani thandizo. Ngati wamwalira, tulukani podzera momwe munalowera, imbani 10111, ndipo musalole anthu kulowa kudzaona. Musatole mpeni, musatseke zenera lomwe akuba analowera, musatsuke kapu yomwe ili patebulo, musagwejemule chimbudzi. Musayatse kapena kufufuza foni yomwe mwaipeza, pakuti foni imasunga mauthenga ndi nthawi, ndipo imathandiza kudziwa komwe mwini wake anali. Ngati mwakhudza chinthu mosadziwa, auzeni apolisi poyera. Madzi akatayika saoleka.

6. Zidindo za zala zanga zili ponseponse m'nyumbamo. Sandimanga ine?

Mantha amenewa ndi omveka. Wantchito wa m'nyumba amagwira zitseko, makabati ndi mawindo tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake apolisi amadinda zala za onse okhala kapena ogwira ntchito pakhomopo, kuti azipatule n'kutsala ndi za mlendo. Chidindo chimangosonyeza kuti munagwira chinthu. Sichinena kuti munachigwira liti kapena chifukwa chiyani. Chomwe chimabweretsa chikayiko ndi kuthawa, kuzimitsa foni, kapena kupukuta malo apolisi asanafike.

7. Munthu akagwiriridwa, achite chiyani kuti umboni usatayike?

Mtima umafuna kusamba nthawi yomweyo, ndipo palibe angamudzudzule wosambayo. Koma ngati n'kotheka, asasambe, asatsuke m'kamwa, asachape zovala. Akavula, azikulunge m'pepala, osati m'jumbo, chifukwa chinyezi cha m'pulasitiki chimawononga DNA.

Apite msanga kuchipatala, maola 72 asanathe. Malo otchedwa Thuthuzela Care Centre, monga a pachipatala cha Karl Bremer ku Bellville ndi a ku Khayelitsha, amathandiza mwaulere. Kumeneko amapereka mankhwala oteteza ku HIV omwa masiku 28, amatenga umboni pathupi, ndipo dokotala kapena namwino amalemba mabala onse pa fomu ya J88, yomwe imakawerengedwa m'khoti. Ngakhale amene wasamba kale, kapena masiku apitapo, apitebe. Thandizo lilipo, ndipo mawu ake nawonso ndi umboni.

8. Bwanji amachedwetsa maliro athu ndi kupima mtembo?

Palibe chopweteka ngati kudikira pomwe kumudzi anthu asonkhana kale pasiwa. Koma lamulo la dziko lino limati imfa iliyonse yosakhala yachilengedwe ifufuzidwe, ndipo achibale sangakane. Dokotala amaona chomwe chapha munthu, mtundu wa chida, ngati analimbana ndi womupha, ndi zomwe zatsalira m'zikhadabo. Thupi likakwera galimoto kupita ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, mwayi umenewo wapita. Womwalira sangaime m'khoti. Chomulankhulira ndi thupi lake.

9. Kodi sayansiyi simalakwa?

Magazi sanama, koma owayeza ndi anthu. Pa mlandu wa Inge Lotz, wophunzira yemwe anaphedwa ku Stellenbosch mu Marichi 2005, apolisi ankati chidindo cha chala cha bwenzi lake anachipeza pachikuto cha DVD m'nyumba ya mtsikanayo. Akatswiri ena anatsutsa, nati chinatengedwa pakapu yomwera madzi. Mu 2007 khoti linapeza mnyamatayo wosalakwa.

Vuto lina ndi kuchedwa. Mu 2021 zinthu zodikira kuyezedwa DNA m'malabotale a apolisi zinapitirira 200,000, ndipo milandu yambiri yogwiririra inkangoimitsidwa. Choncho woweruza sadalira chinthu chimodzi; amaphatikiza DNA, zidindo, makamera, mafoni ndi mboni zoona ndi maso.

10. Ndiye gawo lathu ndi lotani?

Botha anakolopa dala kuti abise zomwe anachita. Ife tikhoza kukolopa ndi mtima wabwino, koma zotsatira zake n'kukhala zomwezo: banja lina n'kukhala zaka zambiri osadziwa amene anapha mwana wawo. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Mukadzakhala woyamba kufika pamalo otere, ikani tsache pansi, imani pakhomo, ndipo dikirani apolisi.